Madzi Otsukira Wilibala

Ankamutchula kuti Sataya, ndipo dzinalo sanamunamizire. Anali telala, ankasokera pakhonde la nyumba ya bambo ake, ndipo chibadwire palibe anamuonapo akutaya kanthu. Tizidutswa ta nsalu ankatisunga m'thumba, mabatani othothoka m'chitini, ulusi wotsala ankaukulunga pa kamtengo ka machesi. Nanga madzi? Eee, kumeneko ndiye musayambe dala. Ochapira zovala ankakolopera, okolopera ankathirira maluwa, ndipo mukataya kapu imodzi pansi iye akuona, mumamva mawu mpaka Lamlungu. Ana a mlongo wake ankati azakhali akanakhala ndi botolo loyenera, bwenzi akusunga ndi utsi womwe.

Bambo ake anali atasiya kuona zaka zinayi m'mbuyomo. Shuga ndi amene anawadya maso. Munthu woti anayendetsa basi zaka makumi atatu, wodziwa dzenje lililonse la mumsewu, tsopano ankachita kugwiridwa dzanja popita kubafa, ndipo zimenezi zinkawawawa kuposa matendawo. Panali malo amodzi basi amene ankapitako okha: pansi pa mtengo wa mapeyala, kuseri kwa nyumba. Sataya anamanga waya kuchokera pachitseko cha kukhitchini mpaka pa thunthu la mtengowo. M'mawa uliwonse bambowo ankagwira wayayo, n'kuwerenga mapazi makumi awiri ndi awiri, n'kukhala pampando wawo wapulasitiki. Wina akati awathandize, ankamukalipira. "Ndisiye! Msewu uwu ndimayendetsa ndekha."

Pansi pa mtengowo sanali munthu wosaona. Dzuwa likawakhudza phazi lamanzere ankadziwa kuti yakwana nthawi ya mankhwala. Mvula ankaimva ikadali kutali, masamba akangosintha kalankhulidwe. Mtengo ukachita maluwa, njuchi zili ng'ung'ung'u m'mwamba monse, ankakuwa: "Mayi, tasiya makinawo udzamve, antchito anga afika!" Mwana wawoyo ankamutchula choncho, kuti mayi, akakhala kuti mtima uli m'malo.

Tsiku lina anaterereka pasitepe ya kubafa n'kung'ambika pachipumi. Mlongo wake wa Sataya, amene ankakhala mbali ina ya tauni, anabwera nkhope ili gwa n'kunena kuti basi zakwana: kuseri kumangidwe chipinda chopanda sitepe, chokhala ndi bafa ndi chimbudzi momwemo. Pa nthawi yomangayo ababa akakhale kwa iye, m'nyumba zosanjikizana zija, pamwamba penipeni, kumene kulibe ngakhale tsinde la udzu.

Bambowo sanakane. Koma tsiku lonyamuka, galimoto ikulira kale pageti, anagwira mkono wa Sataya n'kuufinya.

"Gumulani chilichonse chimene mukufuna. Khoma, denga, ngakhale bedi langa. Koma mtengo uja ndidzaupeze. Wamva?"

"Mudzaupeza, ababa."

"Sindikuuza mlongo wakoyu, uyu mutu wake uli m'mapepala. Ndikuuza iwe."

Amisiri anabwera Lolemba, anayi, ndi kapitawo wawo wamfupi wa chipewa chong'ambika. Asanatsitse n'komwe mafosholo, Sataya anawasonkhanitsa pansi pa mtengo ngati ana a sukulu. Pa mtengo uwu osakhomapo msomali. Osatsamiritsapo njerwa. Osamangapo chingwe. Osasonkha moto pafupi. Ndipo amene angaone kuti chimbudzi chili kutali, asayerekeze. Atatero anazunguliza thunthu ndi matayala akale, kunja kwake n'kuimika matabwa, n'kumanga ndi timizere ta nsalu zake zija. Mtengo unaoneka ngati wodwala wochokera kuchipatala.

Amisiri anaupatsa dzina. Ankautchula kuti Abwana. "Iwe, dutsa uko ndi wilibala, Abwana akupuma!" Wina akadutsa pansi pake ankavula chipewa, anzake n'kugwa nacho chiseko. Sataya ankamva koma analibe nazo ntchito. Aziseka, bola asaukhudze.

Nkhondo yaikulu inali ya ngalande ya mapaipi. Kapitawo anakoka chingwe chake molunjika, chodutsa mikono iwiri kuchokera pa thunthu. Sataya anatuluka ndi sizasi m'manja n'kudula chingwecho.

"Mayi, paipi siyenda mokhotakhota ngati munthu woledzera," anatero kapitawo.

"Iyi iyenda choncho. Mizu ili pamenepo."

"Mukutiwonjezera masiku atatu."

"Ndikuphikirani tiyi masiku atatuwo."

Ngalande inakhota, inazungulira kutali cha kumpanda, ndipo palibe muzu ngakhale umodzi umene unalawa khasu. Tsiku limenelo Sataya anaimbira bambo ake foni, mawu ali m'mwamba, kuwauza mmene wapambanira. Bambowo anaseka mpaka kutsokomola. Anati n'chifukwa chake za mtengowo anauza iyeyo.

Inali nyengo yotentha, ndipo mpopi unkatulutsa madzi tsiku limene wafuna. Sataya ankadzuka m'mamawa kudzaza migolo iwiri ya amisiri, ndowa imodziimodzi, msana ukuchita kulira. Ndiye taganizani mmene anamvera tsiku loyamba kukanda simenti, ataona zimene amisiriwo ankachita poweruka. Anatsuka mawilibala, mafosholo, ndowa, nsapato zawo za jombo, kenako madzi onsewo, wilibala yathunthu, n'kukakhuthula m'dzenje la kumpanda. Khuthu! Madzi amene iye wathyokera msana.

"Aaa! Inu! Mukutani?"

"Tikutaya, mayi. Ndi akuda."

"Akuda ndiye kuti si madzi? Mtengo uli apawu wauma kukhosi, inu mukumwetsa dzenje?"

Kapitawo anakanda m'chipewa. "Ife timataya kudzenje, mayi. Kulikonse kumene tagwira timatero."

"Chifukwa chiyani?"

Kapitawoyo chifukwa chake sankachidziwa. Anangozipeza zili choncho kwa amene anamuphunzitsa ntchito. Ndiponso anali atatopa kukangana ndi mayi wa sizasiyu. Anangotambasula manja n'kunena kuti mwini nyumba ndinu.

Madzulo omwewo Sataya anatenga khasu n'kuunjika kamzere ka dothi kuzungulira mtengo, ngati beseni lalikulu, kuti dontho ngakhale limodzi lisathawe. Kuyambira tsiku limenelo, poweruka paliponse, wilibala ya madzi otuwa inkapita kwa Abwana. Amisiri ankati, "Tiyi wa Abwana wafika!" Sataya ankaima pakhonde manja m'chiuno, mtima uli mbee, akuona madziwo akulowa pansi pang'onopang'ono. Ankaganiza kuti chaka chino mapeyala adzakhala ngati mitu ya ana.

Makoma anakwera. Patapita masabata anayi, masamba anayamba kupsa m'mphepete, ngati munthu wawayandikiza ku moto. Sataya anatola limodzi n'kulitembenuza. Anayang'ana kumwamba, dzuwa lili phwee, n'kugwedeza mutu: ludzu. Fumbi la simentili ndi kutenthaku, mtengo ungalephere bwanji kumva ludzu? Ndiye analamula kuti madzi onse, ngakhale otsukira masana, ngakhale a pulasitala amene anali atangoyamba kumene, azipita pa mtengo. Kawiri pa tsiku. Apa ndiye pamene pamawawa mtima pa nkhani yonseyi, chifukwa mayiyu sanagone tulo, sanachite ulesi, sanaiwale. Mtengo ukamafooka, iye ankawonjezera.

Maluwa anatuluka ochepa, n'kuyoyoka asanatseguke. Njuchi zinabwera tsiku limodzi, sizinabwerenso. Kenako masamba anayamba kugwa ali obiriwira pakati, usiku ndi usana, moti m'mawa Sataya ankasesa ndowa ziwiri. Amisiri anasiya nthabwala ija. Ankadutsa ndi wilibala mitu ili pansi.

Foni inkalira tsiku lililonse dzuwa likapendeka.

"Antchito anga afika?"

"Afika, ababa."

"Ambiri?"

"Ambiri zedi."

"Kuno ndiye ndikufa, mayi. Ndikakhala pawindo ndimangomva magalimoto. Kupita kuchimbudzi, mpongozi wanga andigwire dzanja, munthu wamkulu ngati ine. Uwauze amisiriwo afulumire."

Sataya akatseka foni sankabwereranso ku makina osokera. Chibadwire anali asananamizepo bambo ake.

Kumapeto kwa msewu wawo kunali bambo wina wogulitsa mbande za mitengo m'timatumba takuda. Sataya anapita kukamutenga. Bamboyo anafika, sanayang'ane n'komwe m'mwamba. Anagwada m'beseni lija, n'kugogoda pansi ndi chala. Panalira ngati mbale. Anapempha khasu, anatema kamodzi, ndipo chinatuluka chibuma chotuwa, cholimba, chokhuthala ngati chikhatho. Anakumba pansi pake n'kusolola timizu. Timizu ta peyala timakhala toyera, iye anatero, ndipo timayenda pamwamba pomwepa. Iti tinali takuda bii, tonyenyeka m'zala.

"Ndani wathira simenti apa?"

"Palibe wathira simenti. Ndi madzi chabe. Otsukira."

Bamboyo anamuyang'ana, kenako anayang'ana matayala aja, matabwa aja, timizere ta nsalu tija. Anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Mayi, munaonapo manja a munthu wokanda simenti opanda magolovesi? Amasupuka. Ndiye muzu, umene ndi wofewa kuposa khungu la khanda? Madzi amenewa amawotcha. Masabata angati?"

"Asanu ndi awiri."

"Tsiku lililonse?"

"Kawiri," anatero Sataya.

Bamboyo anaimirira n'kusasa mawondo. Anakanda khungwa la nthambi ina ndi chikhadabo. M'kati munali mouma, mofiirira. Anayesa ina, chimodzimodzi. Ananena kuti atha kuchotsa dothi lonselo, kuthira lina, kuthira manyowa ndi madzi abwino ambirimbiri, koma iye sakufuna kumunamiza. Peyala ndi mtengo wosachedwa kukhumudwa. Anawonjezera kuti ali ndi mbande zabwino zomezanitsa, zaka zinayi zimayamba kubereka.

"Nanga mthunzi woti munthu n'kukhalapo?"

"Mthunzi ndiye zaka khumi, mwina kuposa."

Bambo ake a Sataya anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi zinayi, ndi shuga, ndi impso zimene adokotala ankazitchula motsitsa mawu. Sataya anaperekeza mlendoyo pageti, pobwerera anaona kamtengo ka gwafa kamene kanamera kokha kumpanda. Amisiri anakaunjikira njerwa, anakathyola nthambi, ankakapachika malaya, ndipo iye sanakalankhulirepo ngakhale tsiku limodzi. Kanali kobiriwira, kakuseka. Anafuna kukazula ndi manja.

Komabe anayesa. Anasiya kusoka, madiresi a anthu ali mbwee patebulo, eni ake akubwera n'kubwerera akung'ung'udza. Anaswa chibuma chija ndi piki ya amisiri mpaka m'manja munatuluka matuza. Kapitawo, osapemphedwa, anatuma anyamata ake awiri kuti atute dothilo, iye mwini n'kubweretsa matumba a manyowa pa njinga. Sananene kuti ndinakuuzani, chifukwa kunena zoona sanamuuze. Anangoti, "Ndikanadziwa chifukwa chake, mayi, ndikanalimba." Sataya anathira madzi a kumpopi, oyera, akumwa, ndowa makumimakumi, munthu amene kale kapu imodzi inkamudwalitsa mtima. M'mawa uliwonse ankazungulira mtengo kufunafuna mphukira. Anapeza katsamba kamodzi katsopano pa nthambi ya m'munsi, kakang'ono, kofiira. Anakalondera masiku anayi. Tsiku lachisanu kanali katapiringizika, kouma.

Chipinda chinatha. Chinali chokongola, tisaname: pansi posalala, chitsulo chogwira m'bafa, windo lalikulu loyang'ana kuseri. Mlongo wake anabwera kudzachiona, ndipo atatulukira kuseriko anangoti kukamwa yasa. Mtengo unali mbee, nthambi zokhazokha.

"Asisi, mwawauza?"

"Ayi."

"Muwauze. Kapena ndiwauze ine. Tingoti ndi matenda a mitengo, kapena amisiri anadula mizu. Akwiya sabata imodzi, basi."

"Usawauze kanthu. Ubwere nawo Loweruka."

Chimene anachita Lachisanu, munthu wanzeru zake sangachite, koma mantha alibe nzeru. Anatenga lona wobiriwira amene amisiri ankafunditsira matumba a simenti, anamuchapa, anamusoka m'mphepete pa makina ake, n'kumuika zingwe m'makona. Anakwera makwerero yekha, mayi wa zaka makumi asanu, n'kumumangirira m'nthambi zoumazo, pamwamba penipeni pa malo a mpando. Anachotsa matayala ndi matabwa. Anamanganso waya uja, kuchokera pachitseko chatsopano, n'kuyesa mapazi kuti akhale makumi awiri ndi awiri ngati kale. Anakhala pampando n'kutseka maso. Mthunzi unalipo. Anadziuza kuti mwina tsiku limodzi, mwina masiku awiri, kuti bambo ake ayambe apuma kaye.

Loweruka anafika cha m'ma teni. Bambowo anali ataonda, kolala ya shati ikuchita kulendewera. Mlongo wake anafuna kuwalowetsa m'chipinda kuti akagwire chitsulo cha m'bafa, koma iwo anakana.

"Zimenezo ndiziona madzulo. Waya wanga ali kuti?"

Sataya anawaika dzanja pa waya. Nkhope yawo inamasuka nthawi yomweyo. Anakankha dzanja la mwana wawo wamwamuna n'kuyamba kuyenda, milomo ikuwerenga, msana utawongoka ngati ali pa chiwongolero. Makumi awiri ndi awiri. Anapapasa mpando, anakhala, n'kutulutsa mpweya wautali.

"Eyaa," anatero. "Ndafika."

Sataya anaima chapatali, manja atawapinda pamimba. Mlongo wake anayang'ana kumbali. Kwa kanthawi panalibe chimene chinachitika, ndipo mtima wake wopusawo unayamba kukhulupirira.

Kenako bambowo anapendeketsa mutu, ngati mmene ankachitira pomvetsera injini. Anakhala choncho. Kunalibe njuchi. Kunalibe mbalame. Kamphepo kanadutsa, ndipo m'malo mwa masamba, lona uja anati phaa, phaa, zingwe zikulira m'nthambi. Bambowo anakweza dzanja pamwamba pa mutu, chikhatho chili chagada, n'kulisiya m'mwamba momwemo.

"Mthunzi uwu ukutentha," anatero.

Anatambasula mkono kumbuyo, kumene ankadziwa kuti kuli thunthu, n'kulisisita. Khungwa linasupuka n'kutsalira m'manja mwawo. Analinunkhiza. Analinyenya ndi zala, pang'onopang'ono, mpaka linatha.

"Ndi amisiri aja eti? Anadula mizu."

Mlongo wake anamuyang'ana Sataya n'kugwedeza mutu kuti vomera. Khomo lothawira linali lotseguka, amisiri anali atapita kale, ndipo palibe akanatsutsa. Koma mabodza a pafoni aja anali atamukwana.

"Ayi, ababa. Amisiri sanaukhudze. Ndi ine."

"Iwe wautani?"

"Ndinkauthirira. Madzi otsukira simenti. Iwo ankataya kudzenje, ine ndinawaletsa. Ndinkaona ngati akuwononga madzi."

Ankayembekezera kuti akalipa, ndipo ankafuna kuti akalipe, amutukwane, amuthamangitse pakhomo. Koma bambowo anangoseka kamodzi, kakuseka kouma kopanda mano.

"Sataya," anatero. Aka kanali koyamba kumutchula dzina la anthu akunjalo. Pambuyo pake anafunsa motsitsa, "Ndiye njuchi zija unkandiuza?"

"Kunalibe."

"Nanga ichi chili pamwambachi?"

"Ndi lona. Ndinasoka ndine."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu chimene sagula. Dzuwa linali litafika pa phazi lawo lamanzere, koma sananene za mankhwala. Anapukuta manja pa thalauza n'kuimirira. Waya anali pomwepo, pafupi ndi phewa lawo, ndipo Sataya anadikira kuti amugwire. Sanamugwire. Anatambasula dzanja kutsogolo, m'malere, ngati mmene ankachitira popita kubafa.

"Ndigwire dzanja, mwanangu. Undilowetse m'nyumba."

Sataya anawagwira. Dzanjalo linali lopepuka, ndipo munali mukadali fumbi la khungwa. Anayenda nawo pang'onopang'ono m'mbali mwa waya, ndipo bambowo sanawerenge mapazi.